Amayi asiya mapilitsi a BP ati achira, pano akungomwa adyo ndi mandimu

Funsoli lachokera kwa mchemwali wina wa ku Chilomoni, ndalifupikitsa poti linali lalitali. Akuti mayi awo a zaka 58 omwe amakhala kumudzi ku Ntcheu anapita kuchipatala chaching'ono ndi mdzukulu wodwala malungo, anesi nkuwayeza nawonso BP, inapezeka 168/100. Anawauza abwerenso sabata yotsatira, inapezekanso yokwera, nde anawapatsa mapilitsi. Amwa mwezi umodzi, atatha sanabwererenso. Akuti akupeza bwino, mutu sukuwawa, kumunda akulima ngati kale, komanso mnzawo wa kutchalitchi anawauza kuti mankhwala a BP ukangowayamba thupi limazolowera sungadzasiyenso, bola adyo, mandimu ndi cham'mwamba. Mchemwaliyu akufunsa, kodi ndiwasiye choncho poti akuoneka athanzi? Nanga ineyo ndili ndi zaka 34 komanso ndine wochepa thupi, BP ingandigwire?

Achemwali, ndiyambe ndi pomwe pali changu. Amayiwo abwerere kuchipatala sabata ino, osati mudikire mpaka mudzapite kumudzi pa Khirisimasi ayi. Atumizireni ya thiransipoti, atenge buku lawo lakuchipatala lija akayezetsenso. Zinazi tikambirana bwinobwino koma chimenecho chichitike kaye.

Mawu akuti "ndikupeza bwino" ine ndawamva kambirimbiri pa ntchito yanga, ndipo pa matenda ena ndimasangalala nawo, koma pa BP mawu amenewa sanena kanthu. Malungo amakuuza okha, thupi kutentha, kuphwanya, kunjenjemera. Dzino likabooka sugona. Koma kuthamanga kwa magazi kulibe ululu wake, munthu atha kukhala ndi 170/100 kwa zaka zisanu akulima, akusenza nkhuni, akuvina pa chinkhoswe, osamva kalikonse. Anthu ambiri amaganiza kuti BP ikakwera mutu umawawa kapena mtima umagunda kwambiri, nde mutu ukakhala bwino amati yatsika. Zoona ena mutu umawawa makamaka ikakwera mopyola, koma ambiri ayi ndithu. Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, unachita kafukufuku m'dziko muno mu 2009, anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64, ndipo anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse BP yake inali yokwera, kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo unyinji wa anthu amenewa sunkadziwa nkomwe. Onsewotu akanafunsidwa akanati tikupeza bwino.

Manambala awiri aja akutanthauza izi. Mtima uli ngati pampu, mitsempha ndi mapaipi ake. Nambala yapamwamba ndi mphamvu yomwe magazi akukankhira mapaipiwo pomwe mtima wafinya, yapansi ndi pomwe mtima wapumira kudikira kufinya kwina. Munthu wamkulu wabwinobwino amakhala cha m'ma 120/80, ikamapezeka 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana nde timati pali vuto. Ya amayi anuyo 168/100 siyapamalire ayi, yalowa ndithu. Tsono taganizani paipi yothirira kudimba yomwe madzi akudutsamo mwamphamvu yopitirira usana ndi usiku osapuma, sidzaphulika lero kapena mawa, koma ikutha pang'onopang'ono, ndipo imayamba kuphulika pomwe ili yopyapyala. M'thupi malo opyapyalawo ndi mu ubongo, mu impso ndi m'maso. Mtima nawo poti ukukankha molimbana umakula nkutopa, munthu nkuyamba befu akangokwera kachitunda, miyendo kutupa, usiku kugona chokhala. Impso zikafa nde nkhani ina, makina otsuka magazi m'zipatala za boma ndi ochepa kwambiri, anthu amachita kudikirirana ku Queens ndi ku Kamuzu Central, munthu wa kumudzi ku Ntcheu kuti azipita kumeneko kawiri pa sabata moyo wake wonse mukuona nokha mmene zingakhalire.

Pali mayi wina sindimuiwala. Ankagulitsa tomato pamsika, anabwera naye pa ngolo m'mamawa, kamwa litapotokera mbali imodzi, dzanja ndi mwendo wakumanja zili lende, akufuna kuyankhula mawu osatuluka, misozi yokha. Abale ake anali atayamba kale kunong'onezana kuti amumenya hamala, mpaka dzina la gogo wina wa m'mudzimo linali litatchulidwa. Ine nditatsegula buku lake lakuchipatala, lomwe anali atalikulunga bwinobwino mu jumbo ya shuga, ndinapeza tsamba la zaka ziwiri zapitazo, wina analemba ndi bolopeni yofiira 176/104, nkuzunguliza, pansi pake mankhwala a mwezi umodzi ndi tsiku lobwerera. Tsamba lotsatira linali loyera. Ndinawaonetsa achimwene ake tsambalo, anangoti "komatu ankati anachira". Mayi uja anakhala moyo koma msika anasiya, mwana wake wamkazi anasiya sukulu kuti aziwasambitsa. Nkhani za hamalazi zimandipweteka pawiri, wodwalayo amachedwa kufika kuchipatala poti ayamba kaye kwa asing'anga, kwinaku nkhalamba yosalakwa ikulozedwa chala, pomwe choyambitsa chili m'buku chinalembedwa kalekale.

Tsono za mnzawo wa kutchalitchi uja. Mbali ina sananame, nzoona kuti anthu ambiri akayamba mankhwala a BP amamwa mpaka kalekale. Pomwe waphonya ndi chifukwa chake. Sikuti thupi lazolowera mapilitsi ngati mmene munthu amazolowerera fodya ayi. Mukaona nthochi yabereka mkoko waukulu yayamba kupendekeka mumaichirikiza ndi mtengo, ndiye wina akachotsa mtengowo nthochi nkugwa, simunganene kuti yagwa chifukwa inazolowera mtengo, inali yopendekeka kale. Mapilitsi a BP ndi mtengo umenewo, sachotsa vutolo, amangoligwira tsiku limenelo, mawa lifunanso lina. Ukasiya, pakangopita masiku ochepa BP imabwerera pomwe inali, mwakachetechete. Chodabwitsa nchoti anthu athu nkhani ya ma ARV anaimvetsa bwino, aliyense akudziwa kuti amamwa tsiku ndi tsiku olo munthu anenepe bwanji, palibe amati ndachira ndisiye. Koma zikafika pa BP ndi shuga timafuna zikhale ngati LA wa malungo, masiku atatu basi zatha. Alipo ena ochepa omwe BP yawo inali yongokwera pang'ono, atachepetsa thupi, mchere ndi mowa adokotala nkuwachepetsera mankhwala kapena kuwasiyitsa kumene, koma zimenezo zimachitika poyang'ana manambala miyezi ingapo, osati pomvera m'thupi.

Adyo, mandimu ndi cham'mwamba sindikangana nazo, ndi zakudya zabwino, cham'mwamba ndiwo yake ndi yopatsa thanzi zedi, azidya. Adyo mwina angatsitseko pang'ono pokha, koma kuchotsa 168 kufikitsa pansi pa 140 ndi madzi a mandimu, ine sindinaonepo. Ndipo sitifunika kukangana, makina alipo. Amwa zimenezi miyezi ingati kaya, akayezetse tione nambala. Zomwe ndimaopa kwambiri ndi zija za m'mabotolo zopanda dzina lenileni zogulitsidwa m'mabasi ndi pa Facebook, zoti botolo limodzi likuchiza BP, shuga, mphumu, kusabereka ndi khansa nthawi imodzi kkkk, simudziwa asakanizamo chiyani ndipo zina zimapweteka impso zomwe BP yayamba kale kuzifooketsa. Chimodzimodzi ma brufen ndi diclofenac omwe amayi athu amagula pa golosale akamva nsana kapena maondo, akamamwa pafupipafupi amakweza BP nkuononganso impso. Panado ndi bolako.

Muwafunsenso modekha kuti chinawasiyitsa chenicheni nchiyani, chifukwa nthawi zambiri "ndachira" amakhala mawu ophimbira. Pena ndi mapilitsiwo anawasowetsa mtendere. Omwe amaperekedwa kwambiri m'zipatala zathu ndi hydrochlorothiazide, ambiri amangoti HCTZ, ameneyu amakodzetsa makamaka masiku oyamba, nde munthu akamwa madzulo usiku wonse ndi ulendo wa kuchimbudzi, ndipo kumudzi chimbudzi chili panja, mdima, mvula. Amwe m'mamawa. Mtundu wina, amlodipine, ena amawatupitsa mapazi cha m'tikakolomu. Enalapril ena amawapatsa kachifuwa kouma kokhosomola kosatha, munthu mpaka kukayezetsa TB. Zonsezi zili ndi pothawira, adokotala atha kusintha mtundu kapena mlingo, bola kuwauza. Pena nde ndi ulendo, makilomita khumi wapansi, kukakhala pamzere kuyambira mamawa, kufika pawindo nkumva kuti mankhwala atha mukagule. Izi zimachitika, ine ndakhalapo mbali inayo ya tebulo ndikulemba mankhwala omwe ndikudziwa kuti kufamase kwathu kulibe, zimawawa. Apa mpomwe inu muli m'tauni mungathandize. Akujambulireni tsamba la bukulo, mukagule ku famase yovomerezeka ndi dzina komanso mlingo womwewo, muwatumizire a miyezi iwiri kapena itatu, mapilitsi amenewa sali m'gulu la odula kwambiri. Osagula pa benchi pamsika pomwe akhala padzuwa, komanso asamagawane ndi anzawo ati poti tonse ndi a BP, mlingo wa wina si wa wina.

Tibwere kukhitchini, komwe inu ndi amayi muli ndi mphamvu kuposa ine. Nkhani yaikulu ndi mchere. WHO imati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 pa tsiku, kumeneko ndi kasipuni kamodzi ka tiyi kosadzaza mpaka phiri, ndipo ndi ka tsiku lonse kuphatikiza mchere womwe uli kale m'zakudya, osati ka mphika umodzi. Nde taonani mmene timachitira. Mayi akuphika amatapa ndi dzanja, kuponya mu ndiwo, kulawa, kuonjezera. Kenako ka Royco kapena kakyubu, komwe mbali yaikulu ndi mchere womwewo wavala zovala zina. Ma soya pieces amabwera ndi kapaketi kake ka zokometsera, mchere. Therere tathira soda, ndipo soda ameneyu m'thupi amagwira ngati mchere, ambiri sadziwa. Chakudya chafika pamkeka, kambale ka mchere kali pambali, bambo asanalawe nkomwe awaza kale. Masana pa chiwaya tchipisi tikusunsa pa kamulu ka mchere ndi tsabola, kanyenya chimodzimodzi, mango osapsa ndi mchere, buledi wa m'mamawa naye ali ndi wake, bakayawo nde osanena. Ukawerengera umapeza munthu wadya kawiri kapena kuposa mlingo uja osadziwa.

Sindikuti muphike ndiwo zopanda mchere mpang'ono pomwe, zimenezo anthu amapirira masiku atatu nkubwerera mwaukali. Chepetsani pang'onopang'ono, sabata ino kuchotsako pang'ono, sabata yamawa pang'ono, lilime limazolowera pakatha masabata angapo mpaka ndiwo za kwa aneba mudzaziona zowawa mchere. Muyezere ndi sipuni osati dzanja. Kambale ka pamkeka kachoke. Nsomba za mchere muziviika nkutaya madziwo. Kukoma kuchokere ku tomato, anyezi, adyo yemwe uja, tsabola, nsinjiro, ndimu. Ndipo mphika ukhale umodzi wa banja lonse, osati kuwaphikira amayi kamphika kawo pambali ngati odwala, zimenezo zimawachititsa manyazi ndipo sizikhalitsa, pomwe ana nawo akakula ndi lilime la mchere wochepa mwawathandiza. Mchere wochepa womwe muzithirawo ukhalebe wa m'paketi wa ayodini uja, chifukwa cha chithokomiro.

Ubwino wake amayi ali kumudzi zakudya zothandiza BP zili pakhomo pomwepo, bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, luni, nyemba, nandolo, khobwe, mbatata, maungu, nthochi, mapeyala, mgaiwa m'malo mwa ufa woyera nthawi zonse. Zomwe ife a m'tauni timawatumizira poonetsa chikondi, mafuta ophikira a malita asanu, shuga, Sobo, majarini, ndi zomwe zimafunika kusamala nazo. Tiyi wa masipuni anayi a shuga uja achepe.

Tsopano inuyo achemwali. Eya, ingakugwireni, ndipo mwina muli nayo kale kapena mulibe, palibe angadziwe poyang'ana. Kunenepa kumaonjezera chiopsezo zoona, koma ndayezapo anyamata a kabaza owonda ngati bango, minofu yokhayokha, nkupeza 160. Matendawa amayenda m'magazi a pabanja, mayi anu ali nawo nde inu ndi abale anu onse muli pamzere, komanso ife anthu akuda amatiyamba msanga ndipo mchere umatikhudza kwambiri. Yezetsani kamodzi pa chaka olo mukumva bwino bwanji, kuchipatala cha boma ndi ulere, mukapita ndi mwana kusikelo kapena mukadwala chimfine ingopemphani kuti ndiyezeniko BP, ma famase ambiri mu Blantyre amayezanso. Koma muyezedwe bwino. Osati mwangotsika minibasi mwathamanga thukuta lili kamukamu nkupereka mkono. Khalani pansi mphindi 5, nsana utatsamira, mapazi pansi osapingasa miyendo, mkono utagona pa tebulo, mutataya madzi kaye ngati chikhodzodzo chadzaza, osayankhula kapena kuseweretsa foni pomwe makina akufinya. Ikakwera ayezenso kachiwiri pakapita mphindi ziwiri, ndipo nambalayo ilembedwe m'buku ndi deti lake, musalole kungouzidwa kuti "ili bhobho". Kukwera kamodzi si matenda, ena amangoopa yunifolomu yoyera, nchifukwa chake timati bwerani tsiku lina.

Poti ndinu mayi wa zaka zobereka ndionjezere ziwiri. Ngati mukumwa mapilitsi olera a tsiku ndi tsiku aja okhala ndi mahomoni awiri, BP iziyezedwa, ikakhala yokwera pali njira zina zolera zomwe zingakuyaneni. Ndipo mukadzakhala oyembekezera sikelo muyambe msanga, BP ya pa mimba ndi yoopsa payokha, mutu waukulu, nkhope ndi manja kutupa, kuona tinthu tothwanima m'maso, kupweteka pansi pa nthiti, zimenezo ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Enalapril woyembekezera samwa.

Anthu amakonda kunena kuti BP ndi maganizo. Maganizo amakwezadi, ngongole, maliro, mwana wovuta, koma musamalekere pomwepo ngati kuti mavuto akatha nayonso itha, nanga mavuto anathapo liti. Mowa umakweza, kachasu ndi timabotolo totchipa tija makamaka, fodya kaya wa ndudu, chingambwe kapena wofwenkha wa agogo uja amaumitsa mitsempha. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumathandiza, amayi olima ndi kutunga madzi mbali imeneyo akwanitsa kale, vuto lili kwa ife okhala pa mpando tsiku lonse nkukwera kabaza olo popita pamsika pompa. Ndipo tili ndi kachizolowezi koyamikira kunenepa, "mwanenepatu, zikuyenda", munthu akachepako thupi anthu ayamba kunong'ona kuti akudwala. Kamimba ka bwana kaja ine ndikakaona ndimangofuna nditenge makina.

Chinthu china chomwe ndaona chikugwira ntchito m'madera ena, gulu la amayi a kutchalitchi kapena a banki m'khonde kusonkherana nkugula makina amodzi oyezera a mabatire, a pamkono wapamwamba osati a pa dzanja ngati wotchi aja poti amanama kawirikawiri. Amasunga munthu mmodzi wodziwa kulemba, ndi kope, tsiku la msonkhano aliyense ayezedwe asanayambe zowerenga ndalama. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo atha kuwaphunzitsa kayezedwe, ndipo yemwe yapezeka yokwera kawiri amutumize kuchipatala, gululo lisasanduke madokotala. Mnzawo wa adyo uja akadzaona nambala yake ndi maso ake mwina adzakhala woyamba pamzere.

Poyankhula ndi amayi musapite ngati mwabwera kudzaweruza mlandu, munthu wamkulu sakondwa kulangizidwa ndi mwana yemwe anamubereka yekha, makamaka wa m'tauni. Musanyoze adyo wawo. Auzeni kuti apitirize koma aphatikize ndi mapilitsi, ndipo mukufuna mungodziwa nambala kuti mtima wanu ukhale pansi. Ngati pali malume kapena mchemwali wawo yemwe amamumvera, dzerani kumeneko. Mapilitsi aziikidwa pomwe amayamba kugwira m'mamawa, pafupi ndi machesi kapena chitini cha masamba a tiyi koma patali ndi ana, ndipo mdzukulu wamkulu uja apatsidwe udindo wokumbutsa.

Onse a pakhomopo adziwenso izi, kamwa likangopotoka, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, mawu kusokonekera, maso kuchita mdima mwadzidzidzi, mutu woopsa womwe sanaumvepo, chifuwa kuthina kapena kubanika, apeze galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo olo pakhale pakati pa usiku, ndipo olo zizindikirozo zithe zokha pakapita mphindi zochepa apitebe. Asawamwetse madzi kapena phala ngati akulephera kumeza, zimalowera kumapapo. Makina akaonetsa 180/110 kapena kuposa, ngakhale akuseka, tsiku lomwelo akaonane ndi adokotala.

Akakayezetsa sabata inoyi apemphenso awayeze shuga, ndipo ngati nkotheka mkodzo, tione ngati impso zili bwino. Akujambulireni tsambalo pa WhatsApp, inunso mukayezetse yanu, mundilembere manambala onse awiri.